Ndani Anatsuka Madzi a Fakitale?

Abakha ndiwo anayamba kufa.

Mumsewu mwathu amanditchula a Ndinanena, chifukwa choipa chilichonse chikagwa amapeza kuti ine ndinachinena kale. Ndinanena kuti mlatho udzang'aluka, unang'aluka. Ndinanena kuti wokonza mawailesi uja adzathawa ndi mkazi wa telala, lero ali kuti? Koma za abakha sindinanene. Tinangomva m'mawa mkulu wina woweta abakha kumunsi kwa mlatho akulira ngati pagwa maliro. Nditatsetsereka ndinapeza abakha ali ngundangunda m'mphepete mwa mtsinje, nthenga zoyera zija zitada ngati makala. Madzi anali bii, akununkha ngati mazira owola.

Kumtunda kwa mlathowo kuli fakitale yonyika nsalu mu utoto. Boma linaipatsa chilolezo chotayira madzi ake mumtsinje, koma chilolezocho chili ndi minga yake. Madziwo ayenera kuyamba adutsa m'makina owatsuka. Sabata iliyonse munthu wa fakitale ayenera kutsikira m'dzenje la pangalande, pamene madzi amatulukira kunja kwa mpanda, kutunga m'mabotolo, kumata chidindo, n'kutumiza kuti akayezedwe. Pamwamba pa izo anthu a boma amabwera okha tsiku limene afuna, osauza munthu, kudzatunga awoawo.

Wotunga wa fakitaleyo ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye. Mumsewu amamuti Namajombo, poti majombo a mphira sachoka kumapazi kwake. Mwamuna wake amagwiranso komweko, amakonza mapaipi, ndipo amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yanga. Ine ndimamutcha Sipanala. Sindinamukondepo. Munthu amene umamutukwana iye n'kumati "zikomo bambo", ameneyo ali ndi chimene akubisa.

Patapita masiku angapo kunabwera wapolisi. Anatipeza pakhonde, ine nditagadamitsa mutu, mkazi wanga akundidontheza mankhwala m'maso. Maso angawa masiku ano amaona ngati dziko lonse likufuka utsi, ndipo pakanapanda timabotolo timene ndinkatipeza pawindo, ndikumati wandisiyira mwana wanga, bwenzi ndikupereka moni kwa mitengo.

Wapolisiyo anali Sajeni wamkazi, wojintcha, woyenda ngati mapazi akumuwawa. Anadzikokera yekha mpando.

"Mwana wanu alipo, bambo?"

"Mukumufunanji? Apolisi mukabwereka munthu simumubweza wathunthu."

"Ndiye muyambe mwamuwerenga ziwalo," anatero osaseka. "Ine ndidikira."

Namajombo anatuluka, dzanja lili m'chiuno, mimba ili patsogolo. Anali woyembekezera mwana wake woyamba, miyezi itapita ndithu.

"Khala pansi, mwana wanga," anatero Sajeni. "Abakha atafa, a boma anatenga botolo lako lomaliza n'kuliyeza mozama kuposa masiku onse. Apezamo kolorini, mankhwala aja amathira m'madzi akumwa. Utoto ulimo wongonunkhiza. Kunena mosazungulira, m'botolo lako muli madzi a pampopi. Mabwana ako akuti makina otsuka madzi anaonongeka posachedwapa, koma iwo sanadziwe chifukwa mabotolo ako ankati zonse zili bwino. Akuti unasiya kutsikira m'dzenje, umangotunga pampopi n'kumata chidindo."

"Ndimatsika, amayi! Funsani msana wangawu."

"Msana suyankha kukhoti. Alipo amene amakuona ukutsika?"

"Ndimapita ndekha. Kudzenje kuja sikukhala munthu."

"Nanga mabotolo a bomawo akuti chiyani?" ndinafunsa ine.

"Anabwera komaliza mwezi watha. Madzi anali abwino, monga mwa masiku onse." Sajeni anadzuka mogwira bondo. "Kunama pa mabotolo amenewa ndi mlandu wa ndende. Lolemba nkhaniyi ikupita kukhoti. Sindikumutenga lero chifukwa mipando yathu ndi youma, ndipo sindikufuna mdzukulu wanu abadwire kupolisi. Mukakhala ndi chondiuza, mundiuze Lolemba lisanafike."

Atapita, Namajombo sanalire. Anangotenga majombo ake n'kuyamba kuwatsuka, ngakhale kuntchito anali atamuimitsa kale.

"Ababa, inunso mukundikayikira?"

"Ine ndimakayikira aliyense. Ndimakayikira amako, ndimakayikira wailesi, ndimakayikira sikelo ya kumsika. Koma iwe uli mwana ukaba shuga unkabwera wekha kudzadzinenera, shugayo ali kukamwa. Munthu wotero sanganamize botolo."

Ndinavala jekete.

Kapitawo wa pafakitale ndi munthu wosalala ngati sopo wonyowa. Atandiona pageti anathamanga ndi mpando m'manja.

"Aa, madala athu! Khalani, khalani! Nkhani imeneyi yandidwalitsa, sindikudya n'komwe. Mwana wanu ndi mwana wanga. Komatu tisamuweruze. Munthu wapakati, makwerero aja ndi oterera, fungo lake lochititsa nseru. Ndani sangapatukire pampopi? Ine kukhoti ndikamupepesera ndi pakamwa pangapa."

"Munamuona akupatuka?"

"Ine? Ayi. Tsiku la mabotolo ndimakhala ndi makina, sindidzutsa mutu."

"Makina omwewo amene anafa inu osadziwa?"

Anaseka, mano onse poyera. "Madala, inu mukanakhala loya."

Mpando wake sindinaukhalire. Potuluka ndinaima kwa mlonda wa pageti, mkulu amene amasunga mawu ngati amawagula. Anali atakhala pambali pa khola la galu lopanda galu, tcheni litachita dzimbiri.

"Galu ali kuti?"

"Anafa."

"Liti?"

"Kale."

"Tsiku la mabotolo, amalowa ndani, amatuluka ndani?"

"Olowa ndi omwewo. Wotuluka ndi mmodzi."

"Ndani?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana khola la galu. "Mkamwini wanu. Amatuluka m'mawa pa njinga. Amabwera dzuwa litapendeka."

"Ngakhale tsiku limene abwera a boma?"

"Makamaka."

Mumtima ndinati: ndinanena ine. Munthu wochenjera amatulukira kutsogolo kuti onse amuone, kenako amakalowera kuseri.

Msewu wathu umatsamira mpanda wa fakitale, ndipo nyumba yoyamba ukakhota ndi saluni. Mwini wake ndi mayi amene amalankhula osapuma, chipeso chili m'tsitsi la munthu.

"A Ndinanena! Bwerani ndikuchotseni tsitsi la m'makutulo, mwina mungayambe kumva zabwino. Namajombo ali bwanji? Ine zandikhudza, mwana waulemu ngati uja, mimba ili apo, anthu alibe chisoni. Ndamusowa. Koma mpopi wangawu, ndisaname, sunamusowe."

"Mpopi walowapo bwanji?"

"Iii, simudziwa? Inu a kumunsi muli ndi thanki. Ife kuno Lachiwiri lililonse, tsiku limene mwana wanu amatunga mabotolo ake, mpopi umatsokomola, khokho, khokho, kenako zii. Msewu wonse uno. Mayi wina anachoka pano ndi thovu kumutu ngati nkhosa, mpaka lero sandipatsa moni. Chimuimitsireni ntchito mwana wanu, madzi akutuluka ngati mathithi."

Ndinakhala pa benchi pakati pa amayi awiri amene anali ndi mapepala onyezimira kumutu. Mwana wanga ndi mpopi, mpopi ndi mwana wanga. Koma nditaganiza bwino ndinaona kuti sizikugwirizana. Timabotolo tiwiri tingaumitse msewu wonse? Ngakhale njovu singathe.

"Lachiwiri lokha?" ndinafunsa.

"Ndi tsiku la galimoto yoyera ija ya boma. Imeneyo ndiye ndimaidziwa isanafike. Mpopi ukatsokomola tsiku losakhala Lachiwiri ndimawauza makasitomala kuti yang'anani kumsewu, galimoto yoyera ikubwera. Sipapita nthawi, iyo vuu! Mpopi wangawu ndi mneneri kuposa inu."

"Mwati isanafike?"

"Ndati isanafike. Mwaona? Ndimanena ine za tsitsi la m'makutulo."

Anthu a boma amabwera osauza munthu. Koma mpopi wa pasaluni unkauzidwa.

Namajombo ndinamupeza akusoka kamalaya ka mwana.

"Palibe amene amadziwa tsiku limene a boma abwere, Ababa. Ngakhale dalaivala wawo amamuuza m'mawa womwewo."

"Akamuuza amatani? Ndiuze zonse, kuyambira pamene wavala nsapato."

"Amanyamula mabotolo ndi chibokosi chawo chija. Madzi otungidwa amafunika azizizira mpaka akafike koyezera, apo ayi amasintha m'njira, n'kuyamba kunena zina. Ndiye amadzera kumsika kukagula ayezi wothira m'chibokosimo. Akatero ndiye amabwera."

"Amagula kwa ndani?"

"Wogulitsa ayezi kumsika kuja ndi mmodzi, Ababa."

"Mwangofika kumene, akulu inu," anatero mkazi wanga ali m'khitchini, atandiona ndikunyamukanso. "Miyendo imeneyo mwabwereka kwa ndani?"

Ndinangotuluka. Mkazi ameneyu ukamuyankha tsiku limatha.

Wogulitsa ayezi ndinamupeza akucheka chimwala cha ayezi ndi macheka, thaulo lili pakhosi, akuimba nyimbo imene sankaidziwa mawu ake. Ndi munthu wonenepa, wosangalala popanda chifukwa.

"Anthu a mabotolo? Bwana wanga, amenewo ndi makasitomala anga enieni! Sanenerera, sadandaula. Akangonyamula ayezi wawo ine pomwepo foni kukhutu, kuimbira kufakitale."

Ananena monyadira ngati akundionetsa mendulo.

"Umaimbiranji?"

"Galu, bwana wanga! Galu wa kumeneko anang'amba buluku la bwana wina wa boma, munthu wamkulu kubwerera atadziphimba ndi chikwama kumbuyo. Manyazi ake! Ndiye anandipempha kuti anthu amenewa akagula ayezi ndiziimba msanga, kuti amange galu alendo asanafike. Ine chiyambire sindinaphonyepo. Ndimathandiza boma, madala, mwakachetechete."

"Galuyo anafa kale."

Macheka anaima.

"Anafa?"

"Tcheni lake lachita dzimbiri."

"Nanga ine nthawi yonseyi ndimamangitsa chiyani?"

"N'chimene ndabwerera. Amayankha foniyo ndani?"

"Mawu a mwamuna. Amangoti 'chabwino' n'kudula. Ine ndinkati ndi munthu wotanganidwa ndi galu."

"Anadzakupempha ndani? Anakupatsa nambalayo ndani?"

Anapukuta nkhope ndi thaulo, chisangalalo chija chikusungunuka limodzi ndi katundu wake. "Mnyamata waulemu uja. Wa mapaipi. Uja amati zikomo pa chilichonse." Anandiyang'anitsitsa. "Bwana wanga, si mkamwini wanu ameneyo?"

Ndinafika pakhomo dzuwa lisanalowe. Sipanala anali atagwada pabwalo, akumanga kabedi ka mwana ndi zidutswa za mapaipi akale, mabawuti ali kukamwa. Ndinamenya kabediko ndi ndodo yanga.

"Iwe! Umapangira mwana bedi pamene amake ukuwapangira ndende?"

Analavulira mabawuti m'manja. "Zikomo bambo, sindinamve."

"Usandizikomo! Unapita kwa wogulitsa ayezi kukamuuza kuti aziimba foni a boma akamabwera. Ukana?"

"Sindikana, bambo. Anandituma a Kapitawo, galu atangong'amba buluku lija. Anandipatsa nambala ya mu ofesi ya kumakina, ine ndinakapereka. Ndi kale zimenezo. Galuyo ndinamukwirira ndine. Kodi mkulu uja akuimbabe?"

"Usandifunse ine mafunso! Tsiku la mabotolo umatuluka pa njinga. Umapita kuti?"

"Amandituma m'tauni. Mabawuti, mawashala, guluu wa mapaipi. Zina zimakhala zilimo kale mu sitolo yathu, koma bwana akati pita umapita."

"Ndani angakuikire umboni kuti umafikadi m'tauni, sukhotera kuseri kwa mpanda?"

Anayang'ana pansi. Namajombo anali ataima pakhomo la kanyumba kawo, naye anayang'ana pansi. Ndinamva kukoma kowawa, kuja umamva ukang'amba nkhanambo pachilonda.

"Mwaona? Alibe. Ndinanena ine tsiku loyamba lomwe anabwera pano ndi nsapato zobwereka..."

"Akulu inu, tatsekani pakamwa kaye mpweya ulowe."

Anali mkazi wanga. Anabwera ndi chitini chimene amasungiramo timabotolo takutha ta mankhwala anga a maso, n'kuchikhuthulira pamapazi anga.

"Timabotolo iti mumati timamera pawindo ngati bowa? Mwana wanu ndi mimba ija angakaime pamzere wa kuchipatala cha maso m'mawa wonse? Amakutengerani ndi uyu. Nthawi iliyonse akamutuma m'tauni amagula mabawuti akewo mothamanga, n'kukaima pamzere chifukwa cha maso anu okayikira anthuwo. Anatipempha kuti tisakuuzeni, poti mukanadziwa mukanati muli poizoni."

"Ndipo ndikanaterodi."

"Kafunseni anamwino a kumeneko. Amamudziwa bwino. Amamuti mwana wa madala ovuta aja."

Ndinayang'ana timabotoloto. Tinali tambiri kuposa mmene ndikanafunira.

"Mzerewo ndi waufupi," ndinatero. "Asadzitame."

"Zikomo bambo," anatero Sipanala.

Ndinakhala pansi n'kuwauza zonse: za mpopi wotsokomola, za galimoto yoyera, za galu wakufa amene akumangidwabe. Ndikunena za mpopi, Sipanala anasiya kupukuta manja.

"Bambo, mipopi ya mumsewu uno ndi paipi yaikulu yozimitsira moto ya kufakitale zimayamwa bere limodzi. Ukaitsegula yonse paipi imeneyo, msewu umauma. Ili kuseri kwa nyumba ya makina, pambali pa chivundikiro cha ngalande." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Kumtunda kwa dzenje lako. Kuli khoma pakati, sungaone."

Namajombo anagwira mimba yake ndi manja onse awiri. "Ndiye ndimatsika makwerero onse aja kukatunga madzi ochapidwa kale?"

"Ndipo ine amandithamangitsira m'tauni," anatero Sipanala pang'onopang'ono, "poti paipi imeneyo ikalira ndingaidziwe ngakhale ndili m'tulo."

M'mawa mwake ndinapita kupolisi. Sajeni anandimvetsera atavula nsapato pansi pa tebulo.

"Chinkandisowetsa mtendere n'chimodzi," anatero nditamaliza. "Munthu waulesi wotunga pampopi, bwanji anavutika kuthiramo utoto pang'ono? Ulesi suyenda choncho. Tsopano zamveka: utotowo ndi umene unatsala atasukuluza." Anatikita phazi. "Koma zonsezi ndi nkhani za pakhonde, bambo. Mayi wa saluni, wogulitsa ayezi, galu wakufa. Khoti limafuna munthu atagwira paipi m'manja."

"Ndiye mwana wanga apite kundende chifukwa galu sangaikire umboni?"

"Ndati choncho? Mawa a boma akagula ayezi monga mwa nthawi zonse, koma sakathamangira kufakitale. Mnzanu wa ayeziyo aimbe foni yake. Inu musauze munthu."

"Ine sindiuza munthu ngakhale nthawi ili bwanji."

"Ndamva mbiri yanu," anatero, akufunafuna nsapato ndi phazi.

Lachisanu m'mawa tinali mu saluni. Sajeni anavala zovala wamba, thaulo kumutu ngati kasitomala. Mpopi tinausiya wotsegula, madzi akugwera mu beseni. Mayi wa saluni, atauzidwa kuti asalankhule, ankangoyendayenda ngati nkhuku yofuna kuikira.

Madzi ankatuluka. Ankangotuluka.

"Wa ayezi uja watigulitsa," ndinanong'ona. "Munthu wosekaseka sasunga chinsinsi. Kapena a bomawo ali m'thumba la fakitale. Kapena inuyo..."

"Bambo, mukanditchula ine ndikumangani ndi thaulo lino."

Kunja kunalira belu la njinga. Sipanala analowa akupuma mofulumira.

"Andituma mawashala," anatero. "Mu sitolo muli thumba lathunthu."

Pomwepo mpopi unati khokho. Khokho. Unalavula mpweya, unadontha kawiri katatu, kenako zii.

"Si uyo mneneri wanga!" anakuwa mayi wa saluni, mawu onse amene anawasunga akutuluka nthawi imodzi.

Sajeni anaponya thaulo. Sindinadziwe kuti mapazi owawa aja angathamange chotero. Pageti mlonda anationa, anayang'ana chiphaso cha Sajeni, anatsegula. Sipanala anatitsogolera m'mbali mwa nyumba ya makina. Tisanakhote pakona tinamva mkokomo ngati mvula ya padenga la malata.

Chivundikiro cha ngalande chinali pambali. Chipaipi chofiira chozimitsira moto, chonenepa ngati ntchafu ya munthu, chinali chitalowetsedwa m'ngalandemo, chikukhuthula madzi oyera mbee pamwamba pa madzi akuda. Wochigwira anali atapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato zake zonyezimira ataziika bwinobwino pouma.

Anali Kapitawo.

"Aa, madala athu," anatero, koma mano anaoneka ochepa. "Tikutsuka ngalande. Ukhondo basi."

"Galu mwamanga?" anafunsa Sajeni.

Kapitawo anayang'ana Sajeni, anayang'ana ine, anayang'ana Sipanala amene ankayenera kukhala ali m'tauni. Chipaipi chinamupulumuka n'kumuthira madzi kuyambira kumutu.

"Amayi, ine ndimangotumidwa. Makina otsuka madzi aja anafa kalekale, zitsulo zake zimachokera kunja. Eni ake anati tiziyendetsa choncho mpaka..."

"Zimenezo mukandiuza titakhala pansi, ndi maina awo omwe. Mipando yathu ndi youma koma ilipo."

"Munati mwana wanga ndi mwana wanu," ndinatero. "Anu enieniwo mumawachita zotani?"

Sopo uja anali atatha thovu.

Sipanala anazungulitsa gudumu la paipi mpaka mkokomo unaleka. Posakhalitsa galimoto yoyera inalowa. Munatuluka bambo wa boma woyeza madzi, wamagalasi, atanyamula chibokosi cha ayezi, ndipo pambuyo pake panali Namajombo, amene Sajeni anauza kuti amutenge, majombo ali kumapazi, owala ngati a pa ukwati.

Tinazungulira khoma n'kukaima pamwamba pa dzenje. Pansi madzi ankayenda otuwa. Tinadikira. Pang'onopang'ono anayamba kufiira, kenako kuda, mpaka anakhala bii ngati aja anapha abakha. Fungo linakwera n'kutimenya m'mphuno.

"Awa ndiye sindinawaonepo," anatero wa boma, akuvala magolovesi. "Zaka zonsezi amandiphikira chakudya cha alendo." Anatenga botolo kuti atsike.

"Nditsika ine, bwana," anatero Namajombo. "Akuti sindingathe."

"Sutsika!" ndinakuwa. "Ndi mimba imeneyo? Makwerero awa akugwedera ngati dzino langa!"

"Ndawatsika sabata iliyonse popanda wondigwirira, Ababa. Lero muli apa. Gwirani."

Anamanga kansalu kukamwa ndi kumphuno, n'kuponda khwerero loyamba. Ndinataya ndodo, ndinagwada, ndinagwira makwerero mbali imodzi. Koma ine ndinkawagwedeza kuposa kuwagwira. Kenako makwererowo anaima nji. Mbali inayo anali atagwira Sipanala, manja ake akuda ndi girisi ali pafupi ndi anga.

Mwana wanga anatsika pang'onopang'ono, mimba ikukhula zitsulo. Ndinkangoona pamwamba pa mutu wake, malo omwe aja ndinkamusisita ali khanda. Anawerama, anamiza botolo.

"Gwiritsa, mwana wanga," ndinatero. "Usasiye."

"Sindisiya, bambo," anayankha Sipanala.

Namajombo anakwera, n'kupereka botolo kwa wa boma. Linali lakuda moti dzuwa silinkadutsa. Wa boma anamata chidindo, analiika pa ayezi, n'kumugwira chanza. Sajeni anandiyang'ana.

"Muwerengeni ziwalo, bambo. Ndikumubweza wathunthu. Lolemba kukhoti kupita wina."

Madzulo ake ndinali pakhonde, mutu chagada. Kuseri kunkamveka sipanala ikugunda mapaipi a kabedi kaja, ndi Namajombo akuseka kuti mwendo umodzi ndi waufupi. Mwendowo ndinaupinda ndine ndi ndodo, koma palibe anandinena.

"Akuti lero munthu wina mwamutchula kuti mwana wanga," anatero mkazi wanga, akugwedeza kabotolo.

"Ndimanena wa m'dzenje uja."

"Wa m'dzenje ndiye amagwira makwerero?"

"Kunali phokoso la madzi. Anthu anamva zawozawo."

"Paipi inali itatsekedwa." Ananditsegula chikope ndi chala chake chokhakhala. "Tsiku lija anabwera ndi nsapato zobwereka ndinakuuzani kuti mnyamata uyu ndi munthu. Ndinanena ine."

"Mawu amenewo ndi anga."

"Ndabwereka. Tseguleni diso linalo."

Anadontheza. Madzi anatsika m'masaya mwanga mpaka m'ndevu, ambiri kuposa amene anathira. Mkazi wanga anaona, koma anangowapukuta ndi nsonga ya nsalu yake.

"Mankhwala a mnyamata ujawa amatulutsa misozi," ndinatero. "Umuuze akapitanso akafunse ngati alipo ena."

"Mumuuze nokha. Ali kuseriku."

Ndinatola ndodo yanga n'kupita kukamugwirira mwendo wa bedi.